Agogo ayamba kufooka ndipo zonse zagwera inu: mmene mungapezere thandizo musanagwe nanunso

Zimayamba pang'onopang'ono izi. Lero amayi aiwala mphika pamoto, mawa aterereka kubafa, mkuja mwapeza mankhwala a BP a mwezi watha ali chidzadzire m'botolo, kenako mungozindikira kuti nesi ndinu, wochapa ndinu, wowaperekeza kuchipatala ndinu, wosunga ndalama zawo ndinu nomwe, chonsecho kuntchito akukudikirani ndipo ana anu nawonso akukufunani. Palibe amene anakufunsani ngati mukufuna udindowu, unangokupezani basi.

Si kwanu kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pofika 2030 munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse padziko lapansi adzakhala wa zaka 60 kapena kuposa, anthu okwana 1.4 biliyoni, ndipo pofika 2050 adzafika 2.1 biliyoni. Nde thandizo la okalamba ndi owasamalira liliko ndithu, vuto ndi lakuti lili mbwee, lina kuchipatala, lina ku ofesi ya boma, lina ku mpingo kapena ku mzikiti, lina ku mabungwe, ndipo palibe amene angabwere pakhomo kudzakuuzani zonsezo. Zimasiyananso dziko ndi dziko. Ku Germany kuyambira 1995 komanso ku Japan kuyambira 2000 kuli inshulansi ya boma yosamalirira anthu amene sangathenso kudzichitira zinthu, pomwe maiko ambiri ntchitoyi ili m'manja mwa abale ndi anthu ongodzipereka. Koma makomo ogogodapo ndi ofanana kulikonse, ndipo amatsegukira msanga munthu amene wabwera akudziwa chenicheni chimene akufuna.

Yambani ndi kope

Musanapite ku ofesi iliyonse, tengani kope ndi bolopeni, muwayang'anitsitse agogowo kwa sabata imodzi. Dokotala wina wa ku America, Sidney Katz, mu 1963 anandandalika zinthu 6 zimene zimaonetsa ngati munthu akutha kudzisamalira, ndipo mpaka pano manesi akugwiritsabe ntchito: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi n'kukakhala pampando, kudzigwira osadzikodzera kapena kudziipitsira, ndi kudya okha. Pa chilichonse lembani kuti akutha okha, akufuna wowagwirira, kapena sangathe n'komwe. Kenako lembaninso zina zimene zimayamba kuvuta msanga kuposa zimenezi, monga kuphika, kukagula zinthu, kuchapa, kugwiritsa ntchito foni, kuyenda ulendo okha, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kusunga ndalama.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukafika kwa nesi n'kunena kuti "agogo akudwaladwala, tithandizeni", akumverani chisoni koma sadziwa poyambira. Koma mukanena kuti "amadya okha, amavala okha, koma sangasambe popanda wowagwira, agwa kawiri mwezi uno popita kuchimbudzi usiku, ndipo masana amakhala okha kuyambira 7 koloko mpaka 5", apo mwamupatsa chogwira, akudziwa kuti pakufunika wa mafizo, choyendera, ndi munthu wa masana.

Ndipo afunseni eni ake. Izi timaziiwala kwambiri, timakambirana za iwo ali pompo ngati palibe munthu. Khalani nawo pansi, "Amayi, chikukuvutani kwambiri ndi chani masiku ano?" Pena yankho lake limadabwitsa, inu mumaganiza kuti ndi miyendo koma iwo chikuwapweteka ndi chakuti sakuthanso kukaona anzawo. Zimene akutha kuchita okha asiyeni azichita olo zikutenga nthawi, chifukwa mukamawamangira mabatani tsiku lililonse pofuna kufulumira, pakatha miyezi ingapo zala zija zidzaiwaladi.

Khomo loyamba ndi chipatala, koma pitani kuti akawaone thupi lonse

Tinazolowera kupita ndi vuto limodzi, bondo likupweteka, atipatsa mankhwala a bondo, tabwerera. Pemphani kuti awaunike monga munthu wokalamba. WHO inatulutsa malangizo mu 2017 otchedwa ICOPE, ndipo amati munthu wachikulire azionedwa pa zinthu izi: kayendedwe, kadyedwe ndi kutsika kwa sikelo, maso, makutu, kukumbukira, komanso ngati akukhala okhumudwa. Kamayeso kamodzi mutha kupanga kunyumba konko. Akhale pampando wolimba, manja apinde pachifuwa, adzuke n'kukhalanso maulendo 5 osagwira paliponse, inu mutaima pafupi. Ngati zawatengera masekondi oposa 14 kapena alephera, kanenani, miyendo yayamba kutha mphamvu.

Maso ndi makutu musazinyozere. Agogo ena amene timati ayamba kusokonekera amakhala kuti sakumva bwino basi, pena ndi litsiro louma m'khutu limene nesi angachotse tsiku lomwelo, ndipo ng'ala ya m'maso imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi munthu n'kuyambanso kuona masitepe.

Popita tengani mankhwala onse m'jumbo imodzi. Onse ndithu, a kuchipatala, ogula nokha, a zitsamba, amene anawapatsa anzawo, olo mabotolo amene atsala mapiritsi awiri. Kawakhuthulireni patebulo pa dokotala kapena wa ku famase. Munthu akamamwa mitundu 5 ya mankhwala kapena kuposa pamafunika kuunikanso bwino, chifukwa ena amalimbana, ena ndi amodzimodzi koma maina osiyana, ndipo ena, makamaka ogonetsa ndi otsitsa BP, amabweretsa chizungulire chimene chikuwagwetsa chija.

Muli konko funsani funso ili, "Kodi pano pali wa zachisamaliro cha anthu?" Ameneyu ndi amene amadziwa mabungwe a m'dera, mafomu ofunika, ndi amene amayendera odwala m'makomo. Ngati agogo anagonekedwa, musalole kutuluka musanadziwe kuti kunyumba muzikawanyamula bwanji, bala muzikatsuka bwanji, ndani adzabwere kudzawaona, ndipo zikavuta usiku muimbire ndani. Tsiku lotuluka aliyense amakhala pa changu, nde yambani kufunsa kukadali masiku awiri.

Thandizo limene mungafunse ndi dzina lake

Pali oyendera m'makomo, kaya ndi manesi, azaumoyo a m'dera kapena anthu ongodzipereka a mabungwe ngati Red Cross ndi magulu a zachipembedzo. Ena amangoyeza BP ndi shuga n'kutsuka mabala, ena amathandiza kusambitsa. Pali a mafizo, amene ndi ofunika kwambiri munthu akachita sitiroko kapena akathyoka chiuno, ndipo apempheni akuphunzitseni inuyo zoti muziwachititsa tsiku lililonse chifukwa iwo sangabwere daily. Pali zoyendera ndi zina zothandizira, ndodo, choyendera cha miyendo inayi, wilitcheya, mpando wachimbudzi woika pafupi ndi bedi, magalasi, zothandizira kumva, ndipo m'malo ambiri zimabwerekedwa kapena kuperekedwa ulere, funsani musanagule. Za ndodo, ambiri amaigwira molakwika: imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwinowo, osati wopwetekawo, ndipo chogwirira chake chizifika pamfundo ya dzanja munthu ataima chilili mkono uli pansi.

Madera ena kuli malo amene okalamba amakaswera masana n'kubwerera madzulo, amacheza, amadya, amachita masewera olimbitsa thupi, inu n'kupita kuntchito mtima uli m'malo. Kwina kuli obweretsa chakudya pakhomo, kwina galimoto yowatengera kuchipatala, kwina makalabu a okalamba okhaokha, ndipo bungwe la HelpAge International limagwira ntchito ndi magulu otere m'maiko ambiri. Ku ofesi ya boma yoona zachisamaliro cha anthu kafunseni za penshoni ya okalamba kapena ndalama zothandizira ovutika, zaka zoyambira kulandira ndi zingati, ndipo ngati wosamalira naye amalandirako kanthu. Tengani chitupa chawo ndi makalata a kuchipatala, mafomu apangeni fotokope musanapereke, ndipo lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi deti lake. Kudikira kumakhalapo, nde lembetsani lero olo mukuona ngati mukwanitsabe panokha.

Ziwiri izi ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi zimene anthu safunsa.

Choyamba ndi chimene amati respite care, munthu wina kapena malo ena amatenga agogo kwa maola angapo, tsiku, olo sabata, kuti inu mupume. Cholinga chake ndi chomwecho basi, kuti mupume, simukufunika kukhala ndi maliro kapena ulendo kuti mupemphe. Ngati kwanu kulibe zoterezi, zipangeni nokha: m'bale, neba kapena wa ku mpingo amene avomere Loweruka lililonse masana, ndipo akabwera inu muzichokadi pakhomopo, osati kukhala kuseri mukuchapa zofunda.

Chachiwiri ndi chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, palliative care. Anthu akangomva amati ndiye kuti dokotala wataya mtima. Ayi. Ntchito yawo ndi kuthetsa ululu, befu, nseru, kusowa tulo, ndi kulimbikitsa banja, ndipo angayambe munthu akulandirabe mankhwala ena onse. Ntchitoyi mmene tikuidziwa lero inakula kuchokera kwa Cicely Saunders amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndipo mfundo yake inali yakuti ululu usadikiridwe kuti ufike povuta, mankhwala aziperekedwa pa nthawi yake. Ngati abambo ali ndi khansa, mtima kapena impso zafooka kwambiri ndipo akubuula usiku wonse, musamangoti ndi ukalamba, funsani gulu limeneli.

Abale: gawanani ntchito ndi maina

"Tizithandizana" ndi mawu okoma koma sagwira ntchito. Itanitsani msonkhano, amene ali kutali alowe pa foni, muwerenge zimene munalemba m'kope zija, kenako ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake. Uyu azitenga mankhwala mwezi uliwonse, uyu azigona nawo Lachisanu ndi Loweruka, achimwene amene ali kutali azilipira matewera a akuluakulu ndi thiransipoti, mdzukulu aziwaimbira foni madzulo. Tsegulani gulu la pa WhatsApp la nkhani imeneyi yokha, ndipo ndalama iliyonse ya agogo imene mwagwiritsa ntchito lembani, lisiti jambulani muponye pagulupo. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana koma ndi zimene zimakutetezani inu, chifukwa amene sabwera kudzasambitsa ndi amene amadzafunsa mokweza kuti penshoni inkapita kuti.

Nkhani ya mapepala muikambe iwo mutu ukugwirabe bwino. Ndani azidzasaina ku banki akadzalephera, ndani azidzalankhula ndi madokotala, akufuna kudzasamalidwira kuti, wilo analemba kapena ayi. Malamulo ake amasiyana, nde funsani loya kapena a zachisamaliro aja. Ndi nkhani yolemera mkamwa, komabe ikachedwa imadzavuta kwambiri, munthu amene kuiwala kwake kwafika patali sangasainenso chikalata choti chigwire ntchito.

Mukaganiza zolemba munthu wantchito, lankhulani ndi kumene anagwirako kale, muyambe ndi masiku oyeserera inu mulipo, mulemberane ntchito zake, maola ake, malipiro ndi tsiku lopuma, ndipo pena muzingotulukira masana osanena. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 60 kupita mtsogolo amachitidwa nkhanza ina yake pa chaka, ndipo kawirikawiri wochitayo ndi wa m'nyumba momwemo, osati mlendo. Mabala osadziwika bwino, agogo kungoti zii munthu wina akalowa, ndalama kusowa, kuonda, kukhala ndi zovala zonyowa tsiku lonse, zimenezo musazikwirire, kanenani kwa a zachisamaliro kapena kupolisi.

Za m'nyumba zimene simukufunika kudikira aliyense

Kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pa chaka padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Yendani njira imene agogo amayenda usiku kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi, muiyende mumdima momwemo. Kakapeti koterereka chotsani, mawaya ndi nsapato za ana chotsani, ikani nyale kapena tochi pamene dzanja lawo lifika ali chigonere, kubafa ikani chogwirira ndi mpando, ndipo azivala nsapato zogwira chidendene osati zokhwepa.

Ngati afika pongogona, mdani wamkulu ndi zilonda za pabedi, ndipo azitembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse. Imani mbali imene mukufuna ayang'ane. Auzeni kaye, "Agogo, ndikutembenuzani tsopano." Mkono wawo wakutaliwo ugoneke pachifuwa, bondo lakutalilo lipindeni, dzanja lanu limodzi paphewa lina pachiuno, nde muwagubuduzire kwa inu pang'onopang'ono, mawondo anu mutapinda kuti msana wanu usavulale, osawakoka mkono. Ikani pilo kumsana, ina pakati pa mawondo, ndipo akagona chagada ikani pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi. Nthawi iliyonse yang'anani pamwamba pa matako, m'chiuno, zidendene ndi mapewa. Pakhungu lakuda sipafiira kwenikweni, pamangoda kuposa pena ponse, pamatentha kapena kulimba. Mukaona zimenezo musapatikite, asagonerepo, ndipo muuzeni nesi. Nsalu yoyala ikhale youma ndi yosakwinyika, kakhwinya kamodzi kapena nyenyeswa za chakudya ndi zokwana kuyambitsa bala.

Akayamba kuiwalaiwala

Matenda oiwalaiwala, dimenshiya, ali ndi anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi, ndipo pa anthu 100 aliwonse odwala, 60 mpaka 70 ndi a mtundu wa Alzheimer. Ndi matenda a ubongo, si mwano, si dala, ndipo si aliyense wokalamba amene amadwala. Akamati mwawabera chikwama chimene abisa okha, kapena akufuna kupita kwa amayi awo amene anamwalira kalekale, kukangana nawo sikuthandiza, mungotopa nonse. Yankhani mantha awowo, "Tiyeni tifunire limodzi", kapena "Mwawasowa amayi eti, tandiuzeni anali otani", kenako muwatembenuzire ku china. M'thumba mwawo muzikhala kapepala ka dzina lawo ndi nambala yanu, ndipo maneba adziwe kuti akawaona akuyenda okha awabweze mwaulemu. WHO ili ndi maphunziro aulere a osamalira otchedwa iSupport, amapezeka pa intaneti, ndipo maiko ambiri ali ndi bungwe la Alzheimer limene limasonkhanitsa mabanja.

Koma chenjerani apa. Dimenshiya imabwera mwa miyezi ndi zaka. Ngati dzulo anali bwinobwino lero akubwebweta, sakukuzindikirani kapena akungogona, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala lero lomwe, kawirikawiri amakhala matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kuchepa madzi m'thupi, shuga kapena mankhwala atsopano, ndipo zimachizika. Chimodzimodzi pakamwa kupotoka, mkono kufooka mbali imodzi, mawu kusamveka, ndi sitiroko imeneyo, musadikire kuti kuche.

Nanga inuyo

Mukapita nawo kuchipatala nanunso yezetsani BP, ndipo dokotala muuzeni kuti ndinu amene mukusamalira. Ngati simukugona, mukungolira, mwasiya kuyankha mafoni a anzanu, msana sukuwongoka, kapena mwayamba kuwakalipira ndi kuwagwira mwamphamvu posambitsa kenako n'kumadziimba mlandu usiku, musadzione ngati munthu woipa, mwatopa, ndipo apa ndi pamene nkhanza zambiri zimayambira mwa anthu amene amawakonda agogowo. Zikafika pakhosi onetsetsani kuti ali pabwino, tulukani panja mphindi khumi, muimbire munthu. Funsani kuchipatala kapena ku mpingo ngati kuli gulu la osamalira anzanu. Ine ndimaona kuti magulu amenewa amaposa uphungu wina uliwonse, chifukwa ndi kokhako kumene munganene kuti "pena ndimalakalaka zitangotha" anthu osakudabwani, komanso ndi kumene mumamva kuti wilitcheya yobwereka ikupezeka kuti.

Ndipo nthawi ina zimafika poti kunyumba sizingathekenso, akufunika maso usana ndi usiku, inu muli nokha. Kuganiza za nyumba yosamalira okalamba si kuwataya. Kaoneni malowo kawiri, ulendo wina osapangana, pa nthawi ya chakudya. Onani ngati ndi olembetsedwa ku boma, usiku kumagona antchito angati, fungo lake, ngati okhalamo akuitanidwa mwaulemu ndi maina awo, ngati amene sangadye okha akudyetsedwa modekha, ndipo ngati abale amaloledwa kubwera nthawi iliyonse. Ngati n'kotheka agogo apite nawo akaone okha.

Chomaliza choti muchite sabata ino: pepala limodzi, mulembepo matenda awo, mankhwala onse ndi nthawi zake, mankhwala amene amawawenga, nambala ya chipatala, ndi maina a anthu awiri amene avomera kale kuti inu mukadwala mwadzidzidzi abwera tsiku lomwelo. Limateni pakhoma pafupi ndi bedi lawo, lijambuleni mutumize pagulu la abale, ndipo mankhwala akasintha lilembeninso.